Fodya Akunyowa

Tsiku limenelo mvula inayamba ngati ikungocheza. Lameki anali pabalaza, kiyibodi ili pamiyendo, waya wake utalowa m'batire ya sola pakona. Mkazi wake Elube anali pakhonde akuyang'ana mitambo.

Kiyibodiyo ndiikambe kaye, chifukwa popanda iyo nkhani palibe. Inali sampula, kiyibodi yogwira mawu. Mukaipatsa kulira kwa tambala, imakugawira m'makiyi ake onse: mukadina chakumanzere tambalayo alira ngati ng'ombe, mukadina chakumanja alira ngati mwanapiye, ndipo pakiyi imodzi yapakati alira monga analirira. Mawuwo imasunga pa timadiski takale ta makona anayi, tija ana amasiku ano akatiwona amayesa n'toikapo kapu ya tiyi. Lameki anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene anzake anabwerako ndi njinga zamoto. Kuyambira pamenepo ankafuna kuti pa Kaluluma azimutcha injiniya. Anthu ankangomutcha bambo a Goodness.

Masanawo ankafuna kugwira kulira kwa mvula pamalata, ati akakuike m'nyimbo ya kwaya. Anaimika maikolofoni n'kudina batani lofiira. Nthawi yomweyo Elube anasuzumira m'nyumba.

"Bambo a Goodness, siyani zidolezo. Fodya akunyowa."

Sampula inagwira zonse, mvula ndi mkazi yemwe. Lameki anadina chakumanzere, Elube n'kuyankhula ngati mkulu wa mpingo wodwala chimfine. Anadina chakumanja, Elube n'kuyankhula ngati mbewa yopita kusukulu. Mwini mawu anayesetsa kukwiya, koma zinamukanika; anaseka atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti makolo ake anamukwatitsa kwa mwana wa sitandade wanu. Kenako anatenga chipepala chakuda cha pulasitiki kuseri kwa chitseko, n'kuthamangira kuchigafa, kumene denga la udzu linkadontha mbali imodzi. Lameki anati akubwera pompano, angosunga kaye mawuwo pa diski. Pamene ankatuluka, Elube anali atafunditsa kale.

Sabata yotsatira Elube anadandaula mutu. Fodya uja asanaume, anali atamuika m'manda.

Anthu atabalalika, mwana wawo wamkazi Goodness atabwerera ku Mchinji kumene amaphunzitsa, Lameki anayamba chizolowezi. Akaweruka kumunda ankasamba, n'kuyatsa sampula, n'kudina kiyi yapakati ija kamodzi. Akakalipiridwa ankazimitsa, n'kukaphika.

Tsono inu, tamverani zimene uinjiniya umachita. M'nyumba mopanda mkazi mphemvu zimadziwa msanga, ndipo za kwa Lameki zinasankha sampula, poti m'kati mwake munali motentha bwino. Tsiku lina zinayamba kutuluka pakati pa makiyi ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Munthu wina akanapita nayo kwa okonza mawailesi. Lameki anati mlimi wa fodya safunsa za tizilombo. Anatulutsa diski ija n'kuiika m'chitini chosungira mbewu, anabereka sipuleya yopopera kunazale, n'kuipopera sampulayo mpaka mankhwala kutulukira kunsi. Mphemvu zinafa zonse. Sampula nayo.

Chaka chitatha, fodya wina atagulitsidwa, kunabwera a Fainala. Amenewa ndi akulu ake a Elube, tcheya wa amayi a Mvano, ndipo ngakhale abusa amawatchula ataima chilili. Anabwera kudzakonza za mwambo wa chiliza. Anafotokoza amene adzaphike, amene adzaimbe, amene adzayankhule, kenako anayang'ana kiyibodi yakufa ija pakona n'kufunsa kuti nanga alamu adzachitapo chiyani, kapena adzangopha mphemvu za kumanda.

Lameki akanangoseka. Koma mawuwo anamulowa pamalo ofewa, ndipo pakamwa panayankha mutu usanafunsidwe.

"Ine ndidzakumvetsani mawu a malemu."

Elube ankaimba aluto m'kwaya ya Mvano, choncho a Fainala sanaganizenso china. Anafunsa kuti ndi nyimbo iti.

"Mudzamva konko, alamu."

Pofika Lamulungu, mpingo wonse unali utadziwa kuti pa chiliza Elube adzaimba nyimbo ya Mulungu ndi pakamwa pake.

Lolemba Lameki anatenga diski n'kupalasa njinga kupita kwa Kassim. Kassim ali ndi kashopu pamsika wa Kaluluma, amagulitsa mayunitsi ndi machaja, ndiponso amaika nyimbo m'mafoni a anthu ndi laputopu yake. Ndi munthu wodekha, woseka ndi maso okha. Analandira diskiyo ndi manja awiri, anaitembenuza, anakankha kachitsulo kake n'kukasiya kabwerere kokha, n'kufunsa ngati ndi msampha wa mbewa wa ku Joni. Atamva za nkhaniyo anasiya nthabwala. Anazunguliza laputopu yake mbali zonse zinayi, koma panalibe kamwa loti diski yotere n'kulowamo. Anati pafunika kompyuta yakale, ya mimba yaikulu ija.

Anaipeza ku ofesi ya esiteti ina imene inatsekedwa kalekale. Mlonda wa kumeneko ankaikhalira powotha dzuwa. Atamva kuti ndi za maliro anangoti yewo, n'kuimirira. Lameki anaimanga ndi mphira pakaliyala n'kuyenda nayo akukankha njinga, ndipo aliyense wofunsa m'njira ankamuyankha kuti ndi zantchito.

Atailumikiza kushopu, kompyutayo inatsokomola fumbi, inadandaula, kenako inayaka. Anailowetsa diski. Munamveka kukukuta, ngati khoswe ali m'nkhokwe, ndipo pagalasi panatuluka kabokosi ka mawu achizungu. Kassim anamasulira: kompyuta ikuti diski iyi sinakonzedwe, kodi iikonze?

Lameki sanafune kuti mnyamata wogulitsa machaja aone kuti injiniya sadziwa. Anapinda manja n'kunena kuti funsolo n'lachibwana, chinthu chosakonzedwa chimakonzedwa, ndipo malemu ankakonda zinthu zaukhondo. Kassim anayendetsa kamuvi kupita pa mawu ovomera. Chala chili m'mwamba, magetsi anathima.

Podikira, Kassim anaimbira msuweni wake wa ku Limbe amene amakonza makompyuta. Anaika foni pa sipika kuti onse amve. Msuweniyo atamva za kabokosi kaja anafunsa kaye ngati adina. Atamva kuti ayi, anapuma mpweya wautali. Anati kukonza kumene kompyuta imanena ndi kusesa diski yonse, kusiya mbee, chifukwa chimene sichidziwa kuwerenga imachiyesa zinyalala.

Lameki anatuluka panja. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mbuzi zimene zinkadya makoko a nthochi kuseri kwa msika. Atabwerera anati ankangomuyesa Kassim. Koma kuyambira tsiku limenelo, magetsi akathima anthu n'kuyamba kutukwana, Lameki amakhala chete ngati munthu amene akumva abale ake akunyozedwa.

Msuweni uja anafotokoza bwino. Anati kampani iliyonse yopanga masampula imadinda mawu mwa njira yakeyake, ndipo makompyuta nawo ali ndi njira zawo. Belo la uyu, uyo salilandira. Chofunika ndi pulogalamu yosinthira mawu, imene imamasula belolo n'kulidindanso m'chiguduli chimene kompyuta imachidziwa, fodya wake yemweyo osataya tsamba. Anati ilipo yogula, imene imadziwa masampula ambiri n'kuchita zonse yokha, ndipo ilipo yaulere, imene imadziwa ochepa n'kumafunsa mafunso. Lameki anati iye mafunso sawaopa.

Magetsi atayakanso, yaulereyo inabwera pafoni ya Kassim, n'kudutsa pafulashi, n'kulowa m'chikompyuta chija. Inaonetsa mayina a masampula ambirimbiri. La sampula ya Lameki panalibe, koma panali lina la kampani yomweyo. Kassim anati ayese limenelo, poti mwana wa mlongo ndi mbale ndithu. Pulogalamu inavomera monyinyirika. Inakoka mawu m'diski muja, koma inati sikudziwa m'mene anawasanjira, ndipo inapereka njira ziwiri. Lameki analoza yoyamba.

M'sipika munatuluka phokoso lokhalokha, waaa, lopanda mutu. Lameki anakweza dzanja kuti aliyense akhale chete. Anati imeneyo ndiye mvula ija, anaigwira yekha, tamvani m'mene ikumvekera pamalata. Anatseka maso. Anafotokozera mayi wina wodzagula mayunitsi kuti kujambula mvula kumafuna khutu, ndipo ku Joni anthu amaphunzira zimenezi zaka zambiri. Kassim anamvetsera mwaulemu, kenako anayesa njira yachiwiri ija. Phokosolo linatha. Sinali mvula. Inali kompyuta ikuwerenga mawu chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba.

Tsopano pulogalamu inafunsa funso lina: mawuwa anajambulidwa pa liwiro lanji? Inaika manambala pamzere, kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Apa Lameki sanachedwe. Anati wakhala akupita ku okushoni kuyambira ali mnyamata, ndipo sanaonepo munthu akulira chifukwa belo lake lalembedwa nambala yaikulu. Anati mkazi wake sanali wa giledi yapansi. Kassim anadina lalikulu.

Inu, mbewa ya tsiku lija inali yaulemu. Iyi inali mbewa yoponderezedwa ndi chitseko. Ndiponso sampula imaika zizindikiro m'mawu zoonetsa pobwereza kiyi ikagwiridwa nthawi yaitali, ndipo pulogalamu yaulereyo inaziona zizindikirozo koma sinadziwe poimira. Choncho mawu atafika kumapeto anagwidwa pomwepo: nyowa-nyowa-nyowa-nyowa, osapuma. Akabaza amene amaima pamtengo wa kutsogolo kwa shopu anasiya njinga n'kubwera pakhomo. Wina anayamba kuvina. Kassim anafunafuna pozimitsira, ndipo pomaliza anazula waya wa sipika.

Lameki anati chabwino, kudzikuza sikwabwino, ayese laling'ono. Linatuluka liwu lochokera pansi pa nthaka, lokoka, ngati ng'ombe yaimuna imene yaphunzira kuyankhula itakalamba. Mayi wa mayunitsi uja anatuluka osatsanzika, n'kusiya patapata mmodzi pakhomo.

Sabata yonseyo Lameki akadutsa pamsika, akabaza ankamulonjera kuti nyowa-nyowa, bwana injiniya. Ulemu umene anaufuna zaka zonsezi unabwera, koma unabwera ndi mnzake. Mwayi wake unali woti palibe anamva mawu enieniwo, ndipo a Fainala anangomva kuti alamu awo akuyesa zipangizo.

Tsiku lotsatira Kassim anatseka chitseko cha shopu. Anapeza pochotsera kubwereza kuja, n'kusankha nambala ya pakati. Mvula yeniyeni inamveka pamalata, ndipo pamwamba pake mkazi anayankhula mawu ake asanu ndi awiri aja. Kassim anadikira kuti kubwere zina. Sikunabwere kanthu.

"Bambo a Goodness, nanga nyimbo ija ili pati?"

"Ndi imeneyi."

Kassim anakanda ndevu. Lameki anafulumira kunena kuti vuto palibe, ali ndi nzeru: mawu omwewo awadule, awakweze apa, awatsitse apo, agwere m'mayimbidwe a nyimbo ya maliro, ndipo ndi chinkuzamawu cha panja palibe adzamve bwino mawu ake. Anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa kupendeka. Chimene chinatuluka chinali mayi wachifundo akuimba mokoka ndi mwaulemu kuti fo-o-dya a-ku-nyo-o-wa.

"Ine za kutchalitchi sindizidziwa," anatero Kassim, "koma iyi abusa sangaitsekere maso."

Anaifufuta. Anagwirizana kuti mawu apite monga alili, za a Fainala zidzaoneka konko.

Koma panatsala kanthu kamodzi. Pakati pa mzere uja panali manambala awiri oyandikana, ndipo onse ankatulutsa munthu. Lina linkatulutsa mkazi wa mawu okwera pang'ono, wofulumira. Linalo mkazi wa mawu otsika pang'ono, wodekha. Kusiyana kwake kunali ngati kwa masamba awiri a phesi limodzi. Kassim anaimba woyamba, anaimba wachiwiri, n'kutembenuka.

"Mayi ndi ati pamenepa?"

Lameki anapempha kuti abwereze. Kassim anabwereza. Anapemphanso.

Elube anali munthu amene anakhala naye m'nyumba imodzi kuyambira Goodness asanabadwe, amene ankamudziwa ndi chifuwa chokha ali kuseri kwa mpanda. Koma sampula inafa kale, ndipo m'masiku amenewa makutu ake anadzaza mbewa, ng'ombe ndi nyowa-nyowa. Akamva woyamba ankati ndi ameneyu. Akamva wachiwiri ankati ayi, ndi uyu. Akabwerera kwa woyamba ankamva mlendo.

Nthawi ya swala itakwana, Kassim anamuonetsa podina, n'kupita kumzikiti. Anamusiyira shopu yonse, chinthu chimene sachitira munthu. Pobwera anamupeza ali pomwepo, chipewa chili pabondo.

Lameki anaimbira Goodness, ati amuimbire onse awiri pafoni asankhe. Goodness anakana. Anati mawu a amayi ake sangawamvere pafoni ali pakhonde la sukulu. Adzawamva kumudzi, atakhala pansi. Anati akudalira bambo ake.

Ndiye Lameki anati atenge onse awiri. Kassim anamukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa chiliza sangaimike akazi awiri n'kufunsa anthu kuti avote. Lameki anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako analoza limodzi. Kassim sanafunse chifukwa. Chikhala kuti anafunsa, sakanayankhidwa.

Mwambo unachitika mu Seputembala. Amene mumadziwa Kasungu mwezi umenewo mukudziwa: kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, akamvulumvulu akuyenda m'minda yopanda kanthu. Fodya anapita kalekale ku okushoni, zigafa zangotsala mitengo. Anthu atachoka kumanda anakhala pabwalo la kwa Lameki, abambo pamipando pansi pa mango, amayi pamphasa. Kassim anaitanidwa pamodzi ndi laputopu yake, ndipo anakhala pambali pa zinkuzamawu ziwiri zobwereka.

Lameki anawatsatira a Fainala kuseri kwa khitchini, n'kuwauza motsitsa kuti chimene chili pa diskicho si nyimbo kwenikweni.

"Mwayamba liti kudzichepetsa, alamu? Pitani mukakhale."

A Fainala anaima pakati pa bwalo n'kulengeza kuti tsopano mng'ono wawo aimba, ndipo amayi a Mvano alandire ikafika pobwereza. Amayi anakonza maduku, ena anatsokomola kukonza kukhosi. Goodness anakhala patsogolo, manja ali pamiyendo. Lameki anakhala pampando wake akuyang'ana nsapato. Sankaopanso a Fainala. Ankaopa kuti mwana wake amva mlendo, n'kukhala chete mwaulemu.

Kassim anadina.

Mvula inagwa pamalata, yamphamvu, yodzaza bwalo lonse. Ndipo pamwamba pake:

"Bambo a Goodness, siyani zidolezo. Fodya akunyowa."

Inu, mlimi wa fodya amaganiza ndi miyendo. Pansi pa mango mipando inagwa. Mkulu wa mpingo, amene amayenda ndi ndodo, anapezeka ataima wopanda ndodo. Bambo wina anali atakwera kale njinga, ya mwini wake. Wina anakuwira mkazi wake kumphasa kufunsa kumene anaika chipepala. Abusa, amene nawo ali ndi kamunda kawo kuseri kwa manse, anatseka Baibulo n'kuyang'ana kumwamba. Kumwambako kunali khwangwala mmodzi.

Abambowo anaima pamene anafika, wina pampanda, wina pamsewu, akuyang'anana. Kenako anayamba kubwerera mmodzimmodzi, aliyense akuyenda ngati anangopita kukaona nyengo.

Kumphasa kuseka kunayamba ndi mayi mmodzi, n'kugwira onse. A Fainala anaima pakati pa bwalo pakamwa pali yasa. Aliyense anadikira bingu. Koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anakhala pansi pafumbi pomwepo ndi yunifomu yawo yoyera, akuseka misozi ili chuchuchu.

"Ndi iyeyo," anatero. "Nyimbo ankaimba Lamulungu lokha. Masiku ena onsewo ankaimba imeneyi."

Goodness sanaseke. Anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kupempha Kassim kuti abwereze, koma achepetse mvula isathamangitsenso anthu.

Zonsezi Lameki anachita kuuzidwa pambuyo pake, chifukwa iye panalibe. Goodness atatembenuka kuti awayang'ane bambo ake, mpando unali wopanda munthu, chipewa chili pansi. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula.

Anakamupeza kuchigafa, mbali ija yodontha, ataima padzuwa, chipepala chakuda chili m'manja. M'chigafamo munalibe fodya ngakhale tsamba limodzi.